Che Atumani Sapitirira Maliro

Kuseri kwa msika wa Mangochi kuno aliyense amawadziwa che Atumani chifukwa cha pikapu yawo yoyera, imene inasiya kuyera kalekale. Ndi ya matola. M'mawa imakwera phiri la Chowe kupita ku Namwera itasenza usipa ndi mchere, madzulo imatsika ndi matumba a chimanga, anthu atakhala pamwamba pake. Ine ndine Benedicta, amake Tikhala. Ndakhala moyang'anana makomo ndi banja lawo kuyambira pamene ndinakwatiwa. Iwo ndi Asilamu, ife ndife Akhristu, koma mpanda wa udzu umene unali pakati pathu unagwa chaka china cha mvula yambiri, ndipo palibe anaganiza zoumanganso.

Ndi munthu wamfupi, wosalankhula kwambiri. Hutala ya pikapu yawo inafa zaka zapitazo koma sanaikonzetse, amati munthu ali ndi maso. Okwera amawakonda chifukwa sanagwetsepo munthu. Chimene amadandaula nacho ndi chimodzi. Che Atumani akaona masamba ataikidwa pamsewu, kapena anthu atanyamula jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu, kapena galimoto yonyamula bokosi, amapatuka, n'kuima, n'kuzimitsa injini. Maliro akakhala kutsogolo kwawo akulowera komwe iwo akupita, amawatsatira pambuyo mpaka akhote okha. Sawapitirira, ngakhale usipa uyambe kununkha padzuwa.

"Che Atumani, kodi ndinu adzukulu?" anyamata amawafunsa ali pamwamba pa matumba. "Tikupezereni khasu?"

"Ukadzafa iwe ndidzakuthira fumbi, usadandaule," amayankha choncho, maso ali kutsogolo.

Chifukwa chake anandiuza kamodzi kokha. Amayi awo atamwalira iwo adakali mnyamata, anthu ananyamula jeneza m'mbali mwa msewu wa ku Namwera, nthawi imeneyo kulibe phula. Kunabwera lole ya fodya yothamanga. Sinachepetse liwiro. Fumbi lofiira linakuta anthu onse, ndipo pofika kumanda nsalu yofunda jeneza inali itasanduka mtundu. Amalume awo anayesa kuikutumula ndi manja koma fumbi silinachoke.

Amuna anga a Jeremiya atamwalira, ndi pikapu yomweyo imene inanyamula bokosi kupita kwawo ku Monkey Bay. Che Atumani anaitsuka okha ndi sopo m'mawa kuti isanunkhe nsomba. Amayi a kutchalitchi ankaimba kumbuyo, iwo ali chete pa chiwongolero ndi kofiya yawo. Sanalandire kanthu.

Mwana wamkazi wa che Atumani anali mmodzi, Hidaya. Anakulira pakhonde langa, ndipo ndi amene ankandiluka tsitsi. Anakwatiwa ndi Sadik, mnyamata wa ku Namwera amene anapita ku Joni kukafuna ganyu ngati anzake. Chaka chatha Hidaya anapita padera, kenaka miyendo ndi nkhope zinayamba kutupa. Kuchipatala cha kuno anati ndi impso, n'kumutumiza ku chipatala chachikulu cha ku Blantyre. Amayi ake, abiti Ahmad, anapita naye kukamudikirira. Che Atumani anatsala kuti aziyendetsa matola, pakuti kudikirira wodwala kumafuna chakudya.

Tsiku lina madzulo anagogoda pakhomo panga, chinthu chimene sankachita. Anaima panja, foni ili m'manja.

"Amake Tikhala, ayimba abiti Ahmad. Akuti madokotala ayesetsa, palibenso china. Mwana akuti ababa abwere adzanditenge, ndikagone kunyumba."

Pikapu sikanatha ulendowo. Matayala ake anali osalala, ndipo apolisi a pa Liwonde sakanailola. Minibasi sikanatheka kubwererapo ndi munthu wosatha kukhala tsonga. Choncho anapita kwa Zubair, mnyamata amene ali ndi magalimoto a hayala, obwereka anthu a maukwati. Ine che Atumani anandipempha kuti ndiwaperekeze chifukwa ndinaphunzira ku Limbe mpaka Fomu 2, ndikukhala kwa amalume. Ndinawauza kuti ndi kale, ndiponso kuti ndinkayenda wapansi.

"Misewu siisamuka," anatero. "Ine sindinapitirirepo Liwonde."

Zubair anabweretsa galimoto m'mawa, anthu akutuluka mu mzikiti. Inali yaing'ono, yotuwa, ya mipando yakumbuyo yopindika. Ndinayalamo matiresi, bulangete ndi pilo, n'kuika fulasiki ya phala pambali. Che Atumani anakhala pa chiwongolero, n'kuwerama kuyang'ana kumapazi.

"Klatchi ili kuti?"

"Mulibe, ababa. Magiya imasintha yokha. Mwendo wamanzerewo muupinde, muuike m'thumba."

"Galimoto yopanda klatchi ndi ya ana."

"Ya ana yomweyo ikakufikitsani. Koma usipa musanyamulemo, Loweruka kuli ukwati."

Tisanafike pa Ulongwe mwendo wamanzere uja unafuna klatchi kawiri n'kuponda buleki, ine n'kumenyetsa chipumi kutsogolo. Anapepesa, kenaka anaupanikiza ku chitseko. Titawoloka Shire pa Liwonde anayamba kuizolowera. Msewu wa ku Zomba anauyenda bwino ndithu, akumayang'ana mapiri. Anandifunsa ngati Hidaya angathe kumwa phala la mpunga. Anati akafika kunyumba amugoneka chipinda cha kuseri chifukwa ndi chozizirirako.

Mavuto anayamba titalowa Limbe, dzuwa litapendeka pang'ono. Sindinadziwemo chilichonse. Pamene ndinkadziwa kuti pali mitengo panali masitolo osanjikizana. Maminibasi ankaima paliponse pamene afuna, njinga zamoto zinkatulukira mbali zonse ziwiri, anthu ankawoloka osayang'ana. Che Atumani anagwira chiwongolero ndi manja onse, thukuta likutsika m'khosi. Pa mphambano ina anaima kudikira kuti wina awapatse mpata, monga amachitira kwathu munthu akaona wamkulu. Palibe anawapatsa. Kumbuyo mahutala analira. Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo, n'kuyang'ana nambala ya galimoto yathu.

"A Mangochi! Madala, nyanja ili uko, apa si pa bwato!"

Che Atumani analowa mumsewu pamene mayi wina wa galimoto yaikulu anawakodola ndi dzanja, mwina chifukwa chotopa nawo.

Foni inali ndi ine. Abiti Ahmad anayimba kufunsa pamene tinali. Nditati pa Limbe, ndinawamva akuuza mwana, kenaka anati ndiike foni pa khutu la bambo ake. Mawu a Hidaya ankamveka ngati akuchokera m'chitsime, koma ndinawamva.

"Ababa, mwabwera pa pikapu?"

"Ayi, mama. Ya hayala. Yopanda klatchi."

"Ndiye mukuitha?"

"Ikundiyendetsa ndi iyo."

Anaseka pang'ono, kenaka anatsokomola, foni n'kuduka.

Ndinkadziwa chinthu chimodzi motsimikiza: ukalowa msewu waukulu wochoka ku Limbe kupita ku Blantyre, sukhota mpaka utaona chipatala. Msewuwo tinaupeza. Uli ndi mizere iwiri ya magalimoto opita mbali imodzi, ndipo che Atumani anasankha wa kumanzere. Mtima wanga unakhala pansi. Tinangoyenda pang'ono, kuchokera mumsewu wa m'mbali munatuluka galimoto yakuda ya magalasi, bokosi likuoneka mkati ndi nkhata za maluwa. Pambuyo pake panali magalimoto angapo akuphethira magetsi onse, kenaka lole yodzaza amayi ovala mabulauzi oyera, akuimba.

Che Atumani anaponda buleki kuti apatuke monga mwa nthawi zonse. Panalibe popatukira. M'mbali munali ngalande ya simenti, ndipo basi imene inali kumbuyo kwathu inatsala pang'ono kutigunda. Choncho anachita chimene chinatsala. Anafufuza ndi chala mpaka anapeza batani la mahazadi, magetsi ophethira aja, n'kuwayatsa, n'kuyamba kutsatira lole ija pang'onopang'ono.

Mzere wa kumanja unali wotsegula. Magalimoto ankadutsa maliro aja imodziimodzi, ena wailesi ili pamwamba. Ine si munthu wouza mwamuna wamkulu zochita, koma ndinalankhula.

"Che Atumani, mbali iyo ndi yotsegula."

"Ndaiona."

"Anzathu onsewa akudutsa."

"Ndikupita kwa mwana wodwala, amake Tikhala. Ndiyambe lero kuthamangitsana ndi maliro?" Analoza lole ija. "Akhota posachedwa. Manda sakhala mumsewu waukulu."

Chimene sitinaone ndi chakuti maliro aja sanathere pa lole. Magalimoto ena a pa mdipiti womwewo anali atatsalira pa mphambano, ndipo atatipeza anaona mahazadi athu n'kufola kumbuyo kwathu. Tinali pakati pawo ngati abale.

Lole inkatitchinga kutsogolo konse. Sindinkaona china koma misana ya amayi aja ndi mipango yawo. Pa raundabauti ina yaikulu panali wapolisi amene anaimitsa magalimoto ena onse kuti maliro adutse. Anatikodola nafenso, akuliza wezulo kuti tifulumire. Che Atumani anali asanazungulirepo raundabauti yotero, anangotsata matayala a lole. Pamene ndinkazindikira kuti msewu waukulu tausiya kumanja, tinali tikutsetsereka kale.

"Talakwa njira," ndinatero.

"Titembenukira kutsogoloko."

Kutsogoloko kunalibe potembenukira. Mbali inayo magalimoto anali bampa kubampa, ndipo wakumbuyo kwathu anali pafupi kwambiri moti ndinkaona nkhope yake. Kuti atuluke, che Atumani anayenera kuima pakati pa msewu n'kudula mdipiti pawiri. Kawiri konse anachepetsa liwiro, n'kuyang'ana pagalasi, n'kupitiriza. Phula linatha. Msewu unachepa, nyumba mbali zonse, ngalande uku ndi uku. Ana ankathamanga m'mbali. Kenaka lole inaima, amayi n'kuyamba kutsika. Tinali pa chipata cha manda.

Akumbuyo nawo anaima, n'kutseka zitseko, n'kulowa m'manda. Galimoto yathu inatsala pakati, kutsogolo lole, kumbuyo mzere wa magalimoto opanda eni.

Che Atumani anatsika n'kulowa pakati pa anthu. Ndinkawaona ndi kofiya yawo yoyera pakati pa masuti akuda, akugwira munthu pamkono, kunong'oneza, kuloza kumsewu. Abusa anali atayamba pemphero, ndipo iwo sakanakweza mawu. Anthu ankapukusa mitu. Mayi wina anandipatsa pepala la mwambo wa maliro, pali chithunzi cha bambo wonenepa wa magalasi.

"Inu ndinu a kuchimuna kapena a kuchikazi?" anandifunsa.

Ndinati ndife odutsa. Anandiyang'ana, n'kundisiya.

Atabwerera ndinawauza kuti tiisiye galimotoyo, tikwere njinga zamoto za kabaza. Anaiyang'ana, galimoto ya mwini, malo osawadziwa. Sanachedwe kuganiza. Anatseka zitseko, n'kuyamba kukwera mtunda wopita ku phula, ine ndikuwatsatira. Tinali tisanapite patali pamene foni inalira m'manja mwanga.

Sanali abiti Ahmad. Anali mayi wina amene ankadikirira wodwala pa bedi loyandikana. Kumbuyo kwake ndinkamva kulira, ndipo mawu a olirawo ndinawadziwa.

"Ndinu amene mukubwera ndi bambo ake? Pepani. Mwana watisiya pompano. Amangofunsa kuti afika pati."

Che Atumani anali atatembenuka, ndipo anaona nkhope yanga. Ananena mawu amene Asilamu amanena akamva za imfa, motsitsa, kenaka anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, mapazi ali m'kati. Kumanda kwaya inayamba nyimbo yotsitsira bokosi. Ndinakhala pambali pawo. Nyimbo imeneyo ndimaidziwa, tinaimbanso pa maliro a amuna anga, koma tsiku limenelo ndinkafuna itatha msanga.

Bambo wina wachikulire wa suti, amene ankaoneka kuti ndi woyendetsa mwambo, anatipeza pamenepo. Wina anali atamuuza kuti pali alendo otsekeredwa. Ndinamufotokozera ine, pakuti che Atumani sankatha. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi ake.

"Bambo, mukanangodutsa," anatero mofatsa. "Kuno timadutsa. Palibe akanakuonani cholakwa."

Che Atumani anagwedeza mutu kuvomera.

Bamboyo anapita yekha kukatulutsa madalaivala pakati pa mwambo, mmodzimmodzi, mpaka njira inatseguka. Kenaka anakwera galimoto yake n'kutitsogolera mpaka pa chipata cha chipatala. Sunali mtunda wautali. Dzina lake sitinamufunse.

Abiti Ahmad tinawapeza atakhala pansi pakhonde la wodi, katundu atamanga kale mu chitenje, beseni ndi mbale zili pamwamba. Anali atasiya kulira. Anayang'ana amuna awo.

"Munali pa Limbe kalekale. Munachedwa pati?"

"Pa maliro."

"A ndani?"

"Sindikuwadziwa."

Abiti Ahmad anatenga beseni n'kundipatsa kuti ndinyamule.

Anthu a mzikiti wina wapafupi anatithandiza. Anatipatsa pogona, ndipo m'mawa amayi awo anamusambitsa Hidaya n'kumukulunga mu nsanda. Che Atumani anayimbira Zubair kumuuza kuti chimene anyamule si chimene anagwirizana. Zubair anati, "Bwerani naye, ababa. Za ukwati ndiona ine." Tinamugoneka pa matiresi omwe aja ndinayala, amayi ake atakhala pambali. Phala linali likadali mu fulasiki. Ndinalitaya pa ngalande.

Tisananyamuke, che Atumani anathyola nthambi ya mtengo wa pa mzikitipo n'kuikoleka kutsogolo kwa galimoto, n'kuyatsa mahazadi. Mnyamata wa kabaza anatitsogolera mpaka pa msewu waukulu. Tinadutsanso Limbe. Maminibasi ankatipitirira mbali zonse, ena akuliza hutala chifukwa tinkayenda pang'onopang'ono. Pamalo ena pamene magalimoto anathithikana, wogulitsa maapozi anagogoda pawindo la kumbuyo, n'kusuzumira, n'kuona nsanda. Anabweza dzanja lake, n'kupita pa galimoto yotsatira. Sindikuwaimba mlandu anthu amenewo. Mumzinda maliro amadutsa tsiku lonse, ndipo atati aziima aliyense palibe angafike kuntchito. Mwendo wamanzere wa che Atumani sunafunenso klatchi.

Titapitirira Ulongwe, bambo wina amene ankabwera pa njinga atasenza matumba a makala anaona nthambi ija. Anatsika, n'kuima m'mbali atagwirira njinga yake yolemera mpaka titadutsa. Patsogolo pang'ono amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira. Pikapu ina ya matola imene inkatitsatira inachepetsa liwiro n'kukhala kumbuyo kwathu, msewu uli wotsegula, osatipitirira. Che Atumani anaiona pagalasi. Anapatuka n'kuima. Ya kumbuyo ija nayo inaima. Anaweramira pa chiwongolero, mapewa akugwedezeka, popanda mawu.

Patapita kanthawi abiti Ahmad analankhula ali kumbuyo.

"Tiyeni. Ashehe akudikira."

Anamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Sadik sanathe kubwera, anangolira pa foni.

Sabata yotsatira che Atumani anabwerera pa msewu wa ku Namwera. Abiti Ahmad sanawanenepo kanthu za tsiku lija, ine ndikumva kapena wina aliyense. Amawaphikira, amawachapira. Koma akafuna kupita kwawo ku Namwera amakwera minibasi, ngakhale pikapu itaima pakhomo ikulowera komweko.

Mwezi watha ndinakwera pikapu ya che Atumani kukagula nyemba. Anandipatsa malo kutsogolo. Titakwera Chowe, pa mudzi wina tinapeza masamba pamsewu, ndipo patsogolo amuna atanyamula jeneza akulowera komwe ife tinkapita. Che Atumani anapatuka n'kuima. Dzanja linapita pa kiyi, koma sanazimitse. Anatsegula chitseko, n'kutulutsa mutu kuyang'ana anthu a kumbuyo.

"Alipo amene akuthamangira wodwala?"

Anthu anayang'anana. Mnyamata wina anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Palibe, che Atumani," anayankha mayi wina.

"Mwanena zoona? Wina asachite manyazi."

"Palibe."

Anatseka chitseko, n'kuzimitsa injini. Tinakhala pamenepo padzuwa mpaka jeneza linakhotera ku njira ya kumanda.